Tiyi wawo tamwa, nanga nsima yathu ifika liti ku London?

Mukakwera basi ya ku Chelstone m'mawa, nthawi zina mupeza mtsikana wachizungu atafinyidwa ku mpando wa kumbuyo, chikwama pamiyendo, akuyesa kuuza kondakitala kuti "niseluka apa." Ena mwa alendo otere ndi odzipereka ochokera ku Britain.

Si zachilendo. Bungwe la VSO linayamba mu 1958, ndipo kuchokera mu 2011 mpaka 2020 boma la Britain linkalipirira achinyamata a zaka 18 mpaka 25 kubwera muno pansi pa pulogalamu ya ICS, nkumagona m'mabanja mwathu. Iwo amatiphikira tiyi wamkaka ndi masikono (ngakhale masikonowo tinawadziwa kale nthawi ya atsamunda), ife nkuwaphunzitsa kuumba nsima ndi dzanja ndi kudya chikanda. Zabwino ndithu, ndipo ambiri amabwera ndi mtima woona.

Koma manje tiyeni tione njira yake. Kuyambira mu 2022, munthu wa pasipoti ya Britain amalowa mu Zambia popanda viza. Mnyamata wa ku Kabwata wofuna kukaphikira anzake aja ifisashi ku London ayenera kulipira mapaundi oposa 100, aonetse mapepala a ku banki, atsimikizirenso kuti adzabwerera. Akamukana, ndalamazo zapita.

Apa nkovuta kunena kuti tikusinthana chikhalidwe. Mabungwe otumiza odzipereka, pamodzi ndi ofesi ya kazembe wa Britain pa Independence Avenue, atiuze: pa mlendo aliyense amene timalandira, ndi angati athu amene amaitanidwa uko?