Tisangokhala ogula pa malonda a mlengalenga

Munthu ataimirira pamsika wa Nkando, pakati pa akabaza ndi amayi ogulitsa nandolo ndi chinangwa, n'kuyamba kulalikira za makampani a setilaiti, anthu angamuyese kuti mutu wake sukuyenda bwino. Komatu ife a nyuzi ino tikuti nkhani imeneyi ikukhudza anthu a pa Nkando kuposa mabwana a ku Capital Hill, pakuti amene amafa zinthu zikalakwika ndi anthu a kumudzi.

Tiyeni tikumbutsane za Malichi 2023. Namondwe wa Freddy sadabwere mwakabisira ngati mbala. Adabadwira kufupi ndi dziko la Australia mu Febuluwale, nadutsa nyanja yonse ya India, ndipo adakhala moyo masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense amene akatswiri adalembapo. Masiku onsewo makina a mlengalenga ankamuona. Nthambi yathu yoona zanyengo, imene imadalira zithunzi za masetilaiti a Meteosat a bungwe la ku Ulaya la EUMETSAT, idachenjeza pawailesi. Komabe mvula itagwa, napolo adatsika m'mapiri a Mulanje, Phalombe ndi Soche, misewu ndi milatho idaduka, ndipo anthu oposa 1,000 adamwalira kapena kusowa. Oposa theka la miliyoni adathawa m'nyumba zawo. Pambuyo pake akatswiri a UNOSAT, nthambi ya United Nations ya ku Geneva, adajambula mapu oonetsa kumene madzi adasefukira.

Onani bwino pamenepa, abale. Setilaiti ndi ya azungu, ojambula mapu ali ku Geneva, koma maliro ali ku Mulanje. Sitikunyoza thandizo lawo, ayi, tikuthokoza. Koma chithunzi chochokera kumwamba sichidziwa kuti tsidya la mtsinje wa Thuchila kuli mudzi wanji, kapena kuti anthu ake angathawire kusukulu iti. Zimenezo zimafuna Mmalawi wodziwa kuwerenga chithunzicho, wodziwanso nthaka yake ndi anthu ake, amene angauze nyakwawa m'Chichewa kapena m'Chilomwe kuti usiku uno anthu asagone m'munsi mwa phiri. Anthu a ku Phalombe adaona kale napolo mu 1991. Patapita zaka 32 tidalirabe maliro amtundu womwewo.

Patangopita miyezi yochepa chichitikire Freddy, mu Julaye 2023, kampani ya Starlink ya a Elon Musk idayamba kugulitsa intaneti ya pa setilaiti m'dziko muno italandira chiphaso ku MACRA. Ku Nigeria idali itayamba mu Januwale, ku Mozambique mu Juni, ndipo ku Zambia idafika mu Okutobala. Ife sitibisa kuti tidakondwa. Amene mudakhala kunja m'zaka za chipani chimodzi mukukumbukira momwe kuimba foni kumudzi kudaliri: mawu onse opita kunja ankadutsa m'manja mwa boma, kudzera pa dishi lalikulu lija la ku Kanjedza, ndipo munthu ankayamba waganiza kawiri asadatchule dzina la mbale wake. Wailesi yakanema yathuyathu tidayiona mu 1999. Choncho kambale kakang'ono kapadenga, kamene kangalumikize chipatala cha kumudzi ndi dziko lonse ngakhale mlatho utakokoloka, si kanthu koti tikapeputse.

Koma ufulu umene tidauvotera pa 14 Juni 1993 sudali woti tichotse kiyi m'thumba la munthu mmodzi wa kuno n'kukamuika m'thumba la munthu mmodzi wa ku America. A Musk eni ake adavomera poyera kuti mu 2022 adakana pempho la dziko la Ukraine loti atsegule Starlink kufupi ndi Crimea. Kaya adalakwa kaya adakhoza, mfundo ndi yakuti adagamula yekha, popanda nyumba ya malamulo iliyonse. Ndiponso malonda amenewa mapeto ake amadya ndalama zakunja, pamene kwacha yathu idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kambale tidagula ndi kathu, inde, koma nzeru zoyendetsera zonsezi zidatsala kwa eni ake.

Anzathu oyandikana nawo adaona msanga kuti pamalonda awa chofunika kukambirana ndi maphunziro a anthu awo. Zimbabwe ndi Uganda adatumiza mainjiniya awo ku Kyushu Institute of Technology ku Japan, pansi pa ndondomeko yotchedwa BIRDS, kumene adaphunzira pomanga ndi manja awo timasetilaiti tating'onoting'ono. ZimSat-1 ndi PearlAfricaSat-1 adaulutsidwa mu Novembala 2022. Ghana idadzera njira yomweyo mu 2017. Botswana idachita mgwirizano ndi kampani ya EnduroSat ya ku Bulgaria, mainjiniya a pa yunivesite ya BIUST ku Palapye nagwira nawo ntchitoyo, ndipo BOTSAT-1 idakwera pa roketi ya SpaceX mu Malichi 2025. Timasetilaiti totere sitikhalitsa kumwamba, ndipo ena amati n'kungotaya ndalama. Mwina. Koma setilaiti ikapsa, injiniya amene adayimanga amatsala, ndipo ndi iyeyo amene mawa angakhale patebulo ndi kampani yakunja n'kudziwa pamene akunamizidwa.

Tikudziwa kuti ena aseka. Adasekanso a Edward Mukuka Nkoloso a ku Zambia mu 1964, pamene ankagubuduza achinyamata m'migolo ati powakonzekeretsa ulendo wa kumwezi. Lero bungwe la African Union lili ndi African Space Agency, imene idatsegulidwa ku Egypt mu Epulo 2025, ndipo maiko amene ali ndi akatswiri awo ndiwo adzalankhule kumeneko. Enafe tidzangopitako kukadya ma alawansi.

Tisamvane molakwika: sitikupempha boma kuti ligule setilaiti yoti nduna ikadulire riboni. Dziko limene zipatala zake zimasowa mankhwala lisayambe zodzionetsera. Zimene tikufuna n'zotsika mtengo kwambiri, ndipo maziko ake alipo kale. Ku Ndata m'boma la Thyolo, ulendo wosatopetsa kuchokera pa Nkando, kuli Malawi University of Science and Technology, imene idatsegulidwa mu 2014 ndipo imaphunzitsa zanyengo komanso luso lowerenga zithunzi za dziko zojambulidwa kumwamba. Mu 2020 bungwe la UNICEF pamodzi ndi yunivesite ya Virginia Tech ya ku America adayambitsa African Drone and Data Academy kuno ku Malawi, kumene achinyamata ochokera m'maiko osiyanasiyana a mu Afirika aphunzira kuulutsa tindege topanda woyendetsa ndi kujambula mapu. Funso lathu ndi lakuti, kodi ana amenewa akamaliza amapita kuti? Kodi ndi angati amene khonsolo ya Mulanje, Phalombe kapena Nsanje idawalemba ntchito?

Inu amene mudabwerera kumudzi mu 1993 ndi 1994 mutanyamula madigiri a ku Lusaka, Dar es Salaam, Moscow ndi London mukuidziwa bwino nkhani iyi. Ambiri mudalandiridwa ndi nthungululu pabwalo la ndege, koma desiki simudalipeze, ndipo ena adakweranso ndege kubwerera. Kutumiza mwana kunja kukaphunzira popanda kumukonzera ntchito n'kuphunzitsira maiko ena antchito ndi misonkho ya mlimi wa nandolo.

Choncho tikuti kampani iliyonse ya setilaiti yofuna chiphaso kapena kuchikonzanso, kaya ya ku America, ku China kapena ku Ulaya, ilembedwe m'chiphasomo chiwerengero cha Amalawi amene iwaphunzitse chaka chilichonse, ndi sukulu ndi zipatala za kumudzi zimene izilumikize pamtengo wotsika. MACRA ili ndi thumba la Universal Service Fund, limene lamulo la 2016 lidakhazikitsa kuti lifikitse mauthenga kumadera osiyidwa. Gawo lina la ndalamazo lilipirire ophunzira a ku Ndata kukagwira ntchito miyezi ingapo ku makampani ndi mabungwe amenewa, atasayina kuti adzabwera kudzatumikira m'maboma a napolo.

Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Tikupempha aphungu a m'boma la Mulanje kuti aligwiritse ntchito, aitanitse chiphaso cha Starlink ndi mapangano onse amene boma lidasayina ndi maiko ena pa za mlengalenga, ndipo akawawerenge mokweza m'nyumba ya malamulo mvula isadayambe. Akatero, ife tidzawasindikiza patsamba lino m'Chichewa kuti anthu a pa Nkando adziwerengere okha.