Rose Chibambo tinamuika pa K200, kenako tinamuiwala

Pitani kunyanja ku Nkhotakota m'mamawa, mabwato akamakocheza ndi usipa. Muona ma K200 onyowa, omatirira mamba, akudutsa m'manja mwa amayi ogula nsomba. Ndiye funsani kuti mayi ali pandalamayo ndani. Ine ndinayesa. Wina anati ndi mkazi wa Chilembwe, wina anati ndi namwino, wachitatu anangoseka nkundiuza kuti ndisamuchedwetse malonda.

Sindikuwadzudzula amayiwo. Mlandu ndi wathu, ife odziwa kulemba, ndi atsogoleri athu okonda kuvinidwa.

Mayiyo ndi Rose Lomathinda Chibambo, wobadwira ku Kafukule, Mzimba, mu 1928. Ndiye anasonkhanitsa amayi ku Zomba m'zaka za m'ma 1950 kuti akane chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mu 1959 atsamunda anamutsekera m'ndende ali ndi khanda la masiku owerengeka. Ufulu utayandikira analowa m'nyumba ya malamulo, nakhala mayi woyamba kupatsidwa udindo wa nduna yaing'ono. Koma mu September 1964, dziko lili ndi miyezi iwiri yokha lodzilamulira, Kamuzu anamuchotsa limodzi ndi Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Augustine Bwanausi. Anathawira ku Zambia, ndipo kwawo anadzakuonanso mu 1994.

Nanga Nkhotakota ikulowapo bwanji? Abale, mbewu ya zonsezi inafesedwa konkuno. Pamsonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress womwe unachitikira kuno mu 1960, nthumwi zinapatsa Dr Banda upulezidenti wamuyaya wa chipanicho. Anthu anaomba m'manja, amayi analulutira. Kuyambira pamenepo wofunsa funso anasanduka chigawenga.

Tsono taonani zomwe zinkachitika ku Ghana, dziko lomwe Kamuzuyo anakhalako kuyambira 1953 mpaka 1958. Chaka chomwecho cha 1960, boma la Kwame Nkrumah linalowetsa amayi khumi m'nyumba ya malamulo, pamipando yomwe lamulo linawasungira. Nkrumah sanali mngelo ayi, nayenso ankatsekera omutsutsa. Koma ankadziwa ngongole yake kwa amayi onga Hannah Kudjoe, amene anayenda uku ndi uku kusonkhetsa ndalama ndi kumema anthu pamene atsogoleri asanu ndi mmodzi a ufulu anamangidwa mu 1948. Anzathu anapereka mipando khumi kwa amayi. Ife tinapereka mpando umodzi kwa bambo mmodzi mpaka imfa, amayi tinawapatsa nsalu ndi ng'oma, nkuwatcha mbumba.

Ena andiuza kuti ndikufukula zakale. Ati matipate anabwera, mpaka Joyce Banda analamulira dziko kuyambira 2012 kufika 2014. Zoona. Koma pitani kumsonkhano wa chipani chilichonse, muone amene wakhala pamthunzi ndi amene akuthyola dansi padzuwa. Nsalu zinasintha mtundu, gule ndi yemwe uja. Mayi akati aimire dera, ayamba kumufunsa za mwamuna wake ndi za kuchipinda kwake, pomwe bambo amangomufunsa ngati wabweretsa kangachepe.

Rose Chibambo anamwalira mu 2016, patapita zaka zinayi nkhope yake itaikidwa pandalama. Ulemu umenewo sindikuunyoza, koma ndi wotchipa: chithunzi sichiyankhula, sichitsutsa nduna, sichifuna mpando wa munthu. Mayi wamoyo yemwe anakana kungoti inde bwana tinamupirikitsa zaka pafupifupi makumi atatu.

Ndikupempha ziwiri. Aphunzitsi, uzani ana chimene mayiyu anachotsedwera, osangoti anali ngwazi. Azipani, muzisankho zanu zachipulula lekani kutuma anyamata kukaopseza amayi ofuna kupikisana. Mukakanika zimenezi, mayi wa usipa uja analondola pondiseka.