Pa Chionetsero, Gwirani Dzanja la Mwana

Makolo anzanga ndi inu achinyamata, masika afika. Kuno ku Chimbiya nkhokwe zayamba kudzaza, matumba a soya, mtedza ndi nyemba andandalikidwa m'mbali mwa mseu wa M1, ndipo m'thumba mwa mlimi muli kangachepe. Ino ndiyo nyengo imene ana amakumbutsa atate ao lonjezo la m'dzinja lija, lakuti tikakolola tidzapita kutauni kukaona zinthu. Mabanja ena amalekezera ku Lilongwe. Ena amapirira ulendo wa makilomita opitirira 200, kudzera ku Dedza, Lizulu, Ntcheu ndi Zalewa, mpaka ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, kumene Chionetsero cha Zamalonda chimachitika kaŵirikaŵiri chakumapeto kwa Meyi.

Ulendo wotere ngwabwino ndithu. Mwana amene waona makina ndi maso ake, nakwerako katungwe wozungulira, amabwerera kumudzi ndi mafunso ambiri, ndipo wofunsa ndiye amaphunzira. Koma walira mvula walira matope. Kumene kuli chisangalalo nkumenenso kuli chinamtindi cha anthu, ndipo chinamtindi cha m'tauni nchosiyana ndi cha pa msika wathu. Pa Chimbiya mwana akasokera, sipalephera kupezeka wina womuzindikira kuti ngwa kwa auje. Kutauni palibe womudziŵa.

Kusokera si choopsa chokhacho. Pa 6 Julayi 2017, tsiku lokondwerera ufulu wa dziko lino, anthu ochuluka adaunjikana pa zipata za Bwalo la Zamaseŵera la Bingu ku Lilongwe, aliyense kufuna kuloŵa. Adakanikizana, ndipo anthu 8 adataya moyo. Mwa iwo 7 anali ana. Ngozi zotere zimagwa ngakhale m'maiko olemera. Pa 29 Okotobala 2022, mu mzinda wa Seoul ku South Korea, anthu opitirira 150, ambiri a iwo achinyamata, adafera m'kanjira kopapatiza pa chikondwerero cha Halloween. Onseŵa adachoka kwao atatchena, akupita kukasangalala.

Ambiri timaganiza kuti pa ngozi zotere anthu amafa chifukwa chopondedwa. Akatswiri amene adafufuza amati ambiri amabanika, ena ali chiimire, pakuti chifuwa chikapanikizidwa kutsogolo ndi kumbuyo, munthu satha kukoka mpweya. Mwana, popeza ngwamfupi ndiponso nthiti zake nzanthete, ndiye amayamba kulefuka. Pa chifukwa chimenechi, banja liyenera kupangana zochita lisanakwere basi.

Choyamba, ŵerengani ana, kenaka muŵerenge manja a akuluakulu. Mwana aliyense wamng'ono akhale ndi wamkulu mmodzi womuyang'anira, ndipo wamkuluyo atchulidwe dzina. Mukangoti tonse tiziyang'anira, ndiye kuti palibe woyang'anira: amai amayesa kuti mwana ali ndi atate ake, atate nao amayesa kuti ali ndi azakhali ake.

Chachiŵiri, mwana adziŵe maina enieni a makolo ake, mudzi wake ndi boma lake. Ana ambiri akafunsidwa amangoti amai anga ndi Amai. Lembani nambala ya foni pa kapepala, muike m'thumba mwake kapena mumangirire ku malaya. Ngati muli ndi foni yojambula, mjambuleni m'maŵa atavala kale, kuti mukhale ndi choonetsa apolisi ngati atasoŵa.

Chachitatu, mukangoloŵa, sankhani malo amodzi ooneka patali, muŵauze onse kuti wosokera akadikire pamenepo. Muphunzitseni mwana kuti akasoŵa makolo asathamange uku ndi uku, ndiponso asatuluke pachipata ndi munthu wachilendo, koma apite kwa wapolisi kapena kwa mai amene ali ndi ana. Dziŵaninso kuti nambala ya 116 njaulere, ndipo njothandiza ana amene ali pa mavuto.

Chachinai, peŵani chipata pa nthaŵi yotsegula ndi yotseka, chifukwa pamenepo mpamene anthu amakanikizana. Kudikira pambali theka la ola sikupweteka munthu. Mukaona kuti mukulephera kukweza mikono, kapena khamu layamba kukutengani ngati madzi osefukira, nyamulani mwana msanga, ndipo amene sadanyamule mwana aike mikono patsogolo pa chifuwa kuti apeze mpata wopumira. Musalimbane ndi khamulo, koma muzipatukira cham'mbali pang'onopang'ono. Nsapato ikavuka, isiyeni. Woŵerama pamenepo sadzuka msanga.

Chachisanu, pa makatungwe mverani woyendetsa. Akanena kuti mwana ngwamfupi, musamunyengerere, pakuti lamba ndi chitsulo chotchingira adazipangira msinkhu wake. Nkwabwino kuti mwana alire pansi kusiyana nkuti agwe kuchokera m'mwamba.

Tsono inu anyamata ndi atsikana, makolo akakupatsani mng'ono wanu kuti mumgwire dzanja, akupatsani ntchito yaikulu kuposa ina iliyonse tsiku limenelo. Maso asakhale pa foni. Pa mzere musakankhe anzanu ngakhale mwanthabwala, chifukwa amene ali kumbuyo saona zimene zikuŵachitikira amene ali kutsogolo, ndipo kukankha kwanu kumakathera pa mwana wa wina amene wapanikizika ku mpanda.

Pomaliza, akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mukaona kamwana kakulira kokha pakati pa anthu, musapitirire. Imani nako pomwepo kwa kanthaŵi, pakuti mai wake akukafuna chapafupi. Akapanda kubwera, kaperekeni kwa apolisi. Pitani mukasangalale, ndipo madzulo, basi isananyamuke, muŵerengenso ana.