North Carolina Idamanga Chuma Chatsopano ndi Anthu Ake Omwe

M'zaka za m'ma 1950, chigawo cha North Carolina ku America chinkakhalira zinthu zitatu: fodya, mafakitale a nsalu ndi ukalipentala wa mipando. Malipiro anali otsika, ndipo chigawochi chinali m'gulu la zigawo zosauka kwambiri m'dzikolo. Chowawitsa mtima n'chakuti sukulu zaukachenjede zabwino zinalipo, Duke ku Durham, University of North Carolina ku Chapel Hill ndi NC State ku Raleigh, koma ana ambiri ankati akalandira madigiri n'kumanga katundu kupita kumpoto kukasaka ntchito. Mlimi wa ku Kasungu kapena ku Mchinji saivutikira nkhaniyi. Ngakhale likulu la kampani yomwe ili mwini wa Alliance One, yogula fodya wathu, lili ku North Carolina komweko, ku Morrisville.

Tikufuna kuyamikira m'mene boma la chigawochi lidachitira, makamaka kupirira kwake.

Mu 1959, Bwanamkubwa Luther Hodges, pamodzi ndi amalonda ndi akuluakulu a sukulu zitatuzo, adakhazikitsa Research Triangle Park, malo omwe lero ndi okwana maekala pafupifupi 7,000 pakati pa mizinda itatu ija, oti makampani ochita kafukufuku azimangapo pafupi ndi akatswiri. Mkulu wina wa banki, Archie Davis, adayendayenda m'chigawo chonse kupempha zopereka, ndipo adasonkhanitsa ndalama zopitirira $1.4 miliyoni. Malowo adaikidwa m'manja mwa bungwe losafuna phindu, kotero panalibe woti awadulemo mapoloti n'kudzigulitsira. Zaka zoyamba zinali zogwetsa ulesi, malo ambiri akungokhala tchire. Hodges adachoka pampando, Terry Sanford adalowa, koma ntchito sidaime. Mpaka mu 1965 ndi pomwe IBM idalengeza zobwera, ndipo boma la ku Washington lidasankha malo omwewo kuti pakhale likulu la kafukufuku wa zaumoyo ndi chilengedwe. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa zidaoneka.

Chomwe tikuchilemekeza koposa ndi choti atsogoleriwa sadaganizire madokotala a sayansi okha. Adadziwa kuti fakitale imafunanso wowotcherera zitsulo, wokonza magetsi ndi woyang'anira makina. Kuyambira 1958, boma linkaphunzitsa anthu ntchito mogwirizana ndi zofuna za kampani yomwe ikubwera kudzakhazikika, kampaniyo osalipira. Mu 1963 malo ophunzitsirawo adaphatikizidwa n'kukhala makoleji a m'madera, omwe lero alipo 58 m'chigawo cha maboma 100. Mayi yemwe wathera zaka zake pamakina osokera, kapena mnyamata yemwe magiredi sadamulole kupita ku yunivesite, amatha kuphunzira luso latsopano akugona kunyumba kwake. Apa ndi pomwe mayiko ambiri amaphonya. Amamanga nyumba zokongola za kafukufuku, kenako n'kumaitanitsa amisiri kunja chifukwa eni dera sadakonzekeretsedwe.

Nkhani ya ndalama za fodya ndiyo yoti Amalawi tiimvetsere bwino. Mu 1998 makampani akuluakulu a ndudu adagwirizana zolipira zigawo za America chipukutamisozi chifukwa cha matenda obwera ndi kusuta. Chaka chotsatira, North Carolina idakhazikitsa bungwe la Golden LEAF Foundation ndi kulipatsa theka la gawo lake, kuti lithandize madera odalira fodya kupeza zina zochita. Zina mwa ndalamazo zidamanga malo ophunzitsira kupanga mankhwala ku NC State, omwe adatsegulidwa mu 2007. Izi zidadza pamwamba pa North Carolina Biotechnology Center, yomwe boma lidaiyambitsa mu 1984 nthawi ya Bwanamkubwa Jim Hunt. Lero ku Clayton, komwe kale kunali minda, kampani ya Novo Nordisk ili ndi mafakitale a mankhwala a matenda a shuga.

Zipatso zake zidafika mpaka kwathu. Kampani ya Burroughs Wellcome idasamukira m'paki ija mu 1970, ndipo ndi yomwe idatulutsa AZT, mankhwala oyamba olimbana ndi HIV, omwe adavomerezedwa mu 1987. Asayansi ake awiri, Gertrude Elion ndi George Hitchings, adalandira mphoto ya Nobel mu 1988. Ku Lilongwe, pafupi ndi chipatala cha Kamuzu Central, UNC Project ya University of North Carolina yakhala ikuchita kafukufuku wa zaumoyo limodzi ndi madokotala athu kwa zaka zambiri.

Si onse adapindula, ndipo sitingabise. Mu 2003 kampani ya nsalu ya Pillowtex idatseka ku Kannapolis, anthu opitirira 4,000 n'kuchotsedwa ntchito nthawi imodzi, ambiri a iwo achikulire omwe sukulu adaisiya kalekale. Maboma a kum'mawa kwa chigawochi akadali m'mbuyo, pomwe ku Raleigh ndi ku Durham lendi yakwera mpaka kuthamangitsa ena mwa eni mzinda. Komabe chigawochi chidakumana ndi mavutowa chili ndi makoleji otumizako anthu otaya ntchito, ndiponso mafakitale ena oti akafunsireko.

Kwathu kuno zoyambira zilipo: TEVETA, makoleji a luso a m'madera, MUST ku Thyolo ndi LUANAR ku Bunda. Pempho lathu kwa aphungu ndi nduna ndi lakuti apatule gawo lodziwika la ndalama zomwe fodya akubweretsa, alitchinjirize ndi lamulo, ndi kuliika m'sukulu zimenezi, kuti boma lililonse lolowa lizipitiriza pomwe linzake lasiyira.