Musanatembenuze kalasi, phunzitsani kaye aphunzitsi

Pali mawu achilendo amene akumveka m'misonkhano ya zamaphunziro, ndipo ndati ndikutsineni khutu inu anzanga a pamsika asanakupezeni pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Pachingerezi akuti flipped learning. Ife tingoti kutembenuza kalasi, monga mmene mayi amatembenuzira chitumbuwa m'chiwaya. Musati nkhaniyi ndi ya ophunzira okhaokha ayi. Foni imene ikufunika pa maphunziro amenewa ndi yanu yomweyo ya geni, ndipo ya bando idzachoka pa mpamba wanu womwewo.

Tonse tinazolowera kuti mphunzitsi amaima kutsogolo n'kulankhula mpaka belu kulira, ana akukopera manotsi pabolodi, kenako amapatsidwa homuweki yokachitira kunyumba. Kunyumbako mwana akakakamira pa samu, womufunsa palibe. Bambo angofika kumene mawu atasasa ndi kuitanira kaunjika ku Limbe, mayi akuwerengera ya tomato, ndipo ngakhale atafuna kuthandiza, masamu a Fomu 3 si ofanana ndi kubweza chenji. Mwana amangotseka kope, mawa m'mawa n'kukakopera kwa mnzake kuseri kwa kalasi.

Tsono otembenuza kalasi amati tisinthanitse ziwirizi. Kufotokoza kwa mphunzitsi kujambulidwe pa kanema waufupi, mwana akaonere kunyumba pa foni kapena pa kompyuta. Pamene sanamve aimike, abweze, amverenso, ngakhale kasanu, popanda womuseka. M'mawa akafika m'kalasi, nthawi yonse ikhale yogwira ntchito ija tinkaitcha homuweki, mphunzitsi akuyendayenda pakati pa madesiki kuthandiza amene wakakamira.

Nzeruyi inatchuka ndi aphunzitsi awiri a sayansi, Jonathan Bergmann ndi Aaron Sams, a pa sekondale ya Woodland Park m'chigawo cha Colorado ku America. Ana awo ankaphonya maphunziro kawirikawiri chifukwa cha maulendo ataliatali a zamasewera, ndiye mu 2007 awiriwa anayamba kujambula maphunziro awo kuti ojombawo azionera. Anadabwa kuona kuti ngakhale amene sanajombe akuonera nawo. Apa m'pomwe anazindikira kuti mwana amamufunitsitsa mphunzitsi pa nthawi imene wakakamira, osati pa nthawi yongomvetsera. Mu 2012 anatulutsa buku lofotokoza njirayi, ndipo inafala m'maiko ambiri.

Kumveka kwake n'kokoma ndithu. Koma paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyerere yoyamba anaipeza ndi Amereka eni ake. Pa sukulu ya usilikali ya West Point anachita kafukufuku, makalasi ena kuwatembenuza, ena kuwasiya mwakale, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2019. Pa masamu, otembenuzidwa aja anakhoza bwinoko pa mayeso apafupi, koma pofika pa mayeso omaliza kusiyanako kunali kutatha. Pa phunziro la zachuma sipanaoneke kusintha. Choopsa n'chakuti amene anapindula kwambiri ndi amene anali anzeru kale, moti mpata pakati pa iwo ndi ovutika unakula. Kumeneko ndi kumene magetsi sathima, aliyense ali ndi kompyuta yake. Nanga kwa ife kuno?

Nyerere yachiwiri ndi ija ya kugula zipangizo n'kuiwala munthu. Dziko la Peru linagawira ana a pulayimale timakompyuta toposa 800,000, koma kafukufuku amene anatuluka mu 2012 sanapeze kuti ana apita patsogolo pa masamu ndi kuwerenga. Makina anafika, koma kaphunzitsidwe kanali komwe kaja.

Ife Amalawi nkhani yothamangira chinthu chabwino mphunzitsi asanakonzeke tikuidziwa bwino. Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litayambitsa pulayimale yaulere, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Aphunzitsi anaperewera, ndiye boma linalemba anthu oposa 15,000 osaphunzira ntchitoyi, kuwapatsa kosi ya masabata ochepa, basi choko m'manja. Ndondomeko yowaphunzitsa bwino ya MIITEP inadzayamba mu 1997, ana atapita kale m'manja mwawo zaka zingapo. Ine nthawi imeneyo ndinali ndisanabadwe, koma ambiri a inu amene mukugulitsa ku Ndirande, ku Mchesi kapena ku Zigwagwa ndinu ana a makalasi amenewo. Mukukumbukira bwino kuposa ine.

Ndipo sikuti kuphunzira kunja kwa kalasi n'kosafunika kwa ife. Pa 23 Marichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo makalasi a mayeso anabwerera pa 7 Sepitembala, enawo mu Okotobala. Unduna unayesa kuika maphunziro a pulayimale pa wailesi ya MBC ndi manotsi a sekondale pa intaneti, koma ana ochuluka miyezi imeneyo anaithera pa benchi kuthandiza makolo kugulitsa. Mu Januwale 2023 kolera inachedwetsa kutsegulira sukulu ku Blantyre ndi ku Lilongwe, mu Marichi namondwe wa Freddy n'kutsekanso sukulu za kummwera. Mphunzitsi amene amadziwa kufikira mwana ali kunyumba akanapulumutsa zambiri pa nthawi zimenezi. Choncho ine sindikutsutsa njirayi. Chimene ndikufunsa n'chakuti, mphunzitsiyo aphunzitsidwa chiyani, ndipo motani?

Mantha anga ali pa mtundu wa maphunziro amene timakonda kuno. Mukuwadziwa. Masiku atatu ku hotela ya kunyanja, botolo la madzi ndi maswiti patebulo, katswiri akuonetsa zithunzi pakhoma, tsiku lomaliza kusayinira alawansi ndi kulandira setifiketi. Opitako ndi mmodzi kapena awiri pa sukulu, amene amauzidwa kuti akaphunzitse anzawo. Akabwerera, anzawo aja amati, "Amene anadya alawansi ndi amene atembenuze kalasiyo." Zathera pomwepo. Ndipo taonani kuseketsa kwake: munthu kuima maola atatu kulankhula yekha, kuphunzitsa aphunzitsi kuti asamaime n'kumalankhula okha! Ngati njirayi ndi yabwino, kosi ya aphunzitsi iyambe ndi kutembenuzidwa yokha. Atumizireni kakanema aonere kwawo, tsiku lokumana aliyense abwere ndi phunziro lake lenileni la sabata yamawa, alijambule pomwepo, anzake amuuze pamene pakhota.

Kujambula kanema ndiye mbali yophweka. Mphunzitsi amene amatha kutumiza uthenga wamawu pa WhatsApp angathe kuimika foni pamulu wa mabuku n'kujambula dzanja lake likusova samu papepala. Chofunika kumuphunzitsa ndi kufupikitsa: mutu umodzi, mphindi zisanu kapena khumi, osati kutsanulira piriyodi yonse ya mphindi 40 m'foni. Kanema wamtali amadya bando, amadzaza memori, ndipo mwana amagona asanafike pakati. Aphunzitsidwenso kusankha makanema opangidwa kale, monga a Khan Academy amene Salman Khan anayamba kuika pa YouTube mu 2006, koma aziyamba awaonera okha ndi kuwayerekeza ndi silabasi ya MANEB, chifukwa Chingerezi cha mmenemo ndi chothamanga ndipo zitsanzo zake ndi za madola. Pophunzira kugwiritsa ntchito Google Classroom kapena Moodle, kuika ntchito, kuona amene watsegula ndi amene sanatsegule, masana awiri angakwane.

Povuta ndi m'mawa mwake. Mphunzitsi amene zaka 20 wakhala akulamulira kalasi ndi pakamwa ndi choko, lero mukumuuza kuti kulankhula kuja kwatha usiku pa foni. Ndiye mphindi 40 zija achite nazo chiyani? Ngati sanaphunzitsidwe, adzangobwereza zimene zili mu kanema, ana n'kuzindikira msanga kuti kuonera kunyumba n'kutaya bando chabe. Ayenera kudziwa kuyamba ndi timafunso titatu tinayi toyesera amene wamva, kugawa ana m'magulu, kuika wodziwa pakati pa ovutika, ndi kumva phokoso la ana okambirana popanda kuthamangira ndodo. Zimenezi azichita m'kalasi ya ana 80 kapena 100, mmene njira yodutsa pakati pa madesiki mulibe. Izi sizimaphunziridwa ku hotela. Zimafuna wina wodziwa abwere kudzakhala kumbuyo kwa kalasi, aone, akambirane naye, abwerenso mwezi wamawa. Ma TDC alipo m'mazoni ndipo alangizi a zamaphunziro, ma PEA aja, ndiyo ntchito yawo ku pulayimale. Ku sekondale kuli makalasita. Njira zilipo kale, koma njinga yamoto ya mlangizi siyenda ndi madzi.

Ahedi nawonso asasiyidwe. Mphunzitsi angabwere ku kosi ndi moto, koma ngati ahedi akudutsa pawindo n'kumva ana akulankhulana n'kuganiza kuti kalasi yasokonekera, motowo uzima sabata yomweyo. Pajatu sukulu zambiri zili ndi lamulo lolanda foni mwana akapezeka nayo. Lamulo limenelo ndi njira yatsopanoyi ziyenera kukhalirana pansi.

Tsopano tibwere kwa inu makolo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zimaunikira ndi magetsi. M'tauni muno zinthu ndi zabwinoko, koma foni yaikulu m'nyumba zambiri ndi imodzi, ndipo ndi ya ntchito. Ndi imene mumalandirira Airtel Money ndi Mpamba, ndi imene wooda nsomba ku Mangochi amakuimbirani. Imafika kunyumba 7 koloko usiku batire ili pa mzere wofiira, magetsi athima, ana asukulu m'nyumbamo ndi atatu. Aonera ndani? Mphunzitsi amene sanaphunzitsidwe kuganizira mwana wotereyu adzamulanga chifukwa chosaonera, pamene mlandu ndi wa umphawi. Zikatero kalasi idzagawika pawiri, a mafoni kutsogolo, opanda mafoni kumbuyo, monga zinachitikira ku West Point koma moposerapo.

Chosangalatsa n'chakuti Bergmann ndi Sams nawonso anali ndi ana opanda intaneti kunyumba, ndipo ankawaikira makanema pa fulashi ndi pa DVD. Apa ndiye ife ndife akatswiri. Msika uliwonse uli ndi anyamata oika nyimbo ndi mafilimu omasuliridwa m'Chichewa m'mamemori khadi. Kanema wa masamu angayende njira yomweyo, ngakhale pa Bluetooth, popanda bando. Uthenga wamawu umamveka ngakhale pa kafoni ka mabatani. Ndipo pepala losindikiza lokawerenga kunyumba nalonso ndi kutembenuza kalasi. Funsani amene anaphunzira ku MCDE masukulu aja asanasanduke ma CDSS mu 1998: ankawerenga okha maseti, kumvera wailesi, kenako kukumana ndi mphunzitsi kuti awathandize. Amene akukonza kosi ya aphunzitsi ayambire pamenepa, osati pa intaneti yothamanga imene ili muofesi mwawo. Pamene sukulu ili ndi zipangizo zake, monga matabuleti a ndondomeko ya BEFIT imene boma linayamba mu 2023 ya ana a Sitandade 1 mpaka 4, zimakhala pasukulu pomwepo, ndipo zimenezo zikutiphunzitsa kuti mwana wopanda foni angathe kuonera pasukulu maphunziro asanayambe kapena ataweruka, ngati pali womutsegulira chipinda.

Pali china chimene anthu amachita nacho manyazi, koma ine ndinena. Njirayi ikutsegula khomo loti mphunzitsi wamwamuna ndi mtsikana wa Fomu 2 azilemberana usiku. Aphunzitsi ambiri ndi anthu aulemu, koma khola silimangidwa chifukwa cha mbuzi, limamangidwa chifukwa cha fisi. Kosi iliyonse ikhale ndi lamulo lomveka: zonse zizidutsa pa gulu la kalasi, mmene muli ahedi kapena mayi mphunzitsi ndi kholo la m'komiti, ndipo kulemberana kumbali kusakhalepo. Inunso foni ikabwerera m'manja mwanu muziyang'anamo. Mwana amene wati akuonera sayansi angathe kukhala ali pa TikTok, bando ya sabata yonse n'kutha usiku umodzi.

Nanga mphunzitsi mwini wake, foni ndi bando amupatsa ndani? Kujambula, kutumiza, kuyankha mafunso madzulo, zonsezi ndi nthawi ndi ndalama pamwamba pa kuchonga makope 100. Tisaiwale kuti mu 2021 aphunzitsi ananyanyala ntchito pa nkhani ya alawansi ya Covid-19. Munthu ameneyo mukamuuza kuti agule bando ndi malipiro ake, adzavomera pamaso pa alendo, alendo akachoka abwerera ku choko. Ndipo pamene boma kapena bungwe silinaikepo ndalama, tikudziwa kumene sukulu zimatembenukira: kakalata kobwera ndi mwana, koti kholo lililonse lisonkhe ya chitukuko.

Ndiye kakalata kameneko kakafika, kapena mukaitanidwa kuti sukulu ikuyamba maphunziro a pa intaneti, tsekani benchi theka la tsiku mupiteko. Mukafunse kuti aphunzitsi angati aphunzitsidwa, onse kapena awiri okha, ndipo adzabwera kudzawaona m'kalasi ndani. Mukafunsenso za mwana amene kwawo kulibe foni, kuti adzaonera kuti ndipo nthawi yanji. Yankho lake alilembe m'buku la maminitsi, mlembi awerenge mokweza anthu asanabalalike.