MTSUKO UMASWEKERA PAKHOMO

Mlimi wa mbatatesi wa ku Tsangano amadziŵa kuti ntchito siithera pa tsiku lokumba. Angalime bwino chotani, angathire feteleza pa nthaŵi yake, koma matumba akavumbwa ndi kuolera pa msika wa pamphambano ya msewu wa M1, thukuta la miyezi ingapo lapita pachabe. Phunziro lomweli likupezeka m'lamulo lina la mpira wa ku America, lamulo limene ambiri kumeneko amalinyoza, koma limene liyenera kukhalapobe.

Mpira umenewu ndi wosiyana ndi umene anyamata amamenya m'mabwalo a sukulu m'boma la Ntcheu. Ndi wosongoka mbali zonse ziŵiri ndipo amaunyamula m'manja. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 11 m'bwalo. Pakati pa mizere iŵiri ya zigoli pali mayadi 100, ndipo kuseri kwa mzere uliwonse kuli dera la chigoli la mayadi 10. Woseŵera akaoloka mzere wa adani mpira uli m'manja, timu yake imalandira mapointi 6.

Tsono lamulo lovutalo nali. Mpira ukampulumuka woseŵera m'manja nutulukira m'mbali mwa bwalo, ngakhale patatsala yadi imodzi yokha kuti afike pa mzere, umakhalabe wa timu yake. Koma ukagubuduka kuloŵa m'dera la chigoli cha adani nutulukira kumeneko popanda wougwira, umaperekedwa kwa adaniwo, ndipo iwo amayambira pa mzere wao wa mayadi 20. Timu imene inali pakhomo pa chigoli imabwerera chimanjamanja.

Mu Januwale 1993, pa mpikisano waukulu wa Super Bowl ku Pasadena, Leon Lett wa timu ya Dallas Cowboys adatola mpira nathamanga nawo mayadi oposa 60. Ataona mzere uli pafupi adachepetsa liŵiro, nayamba kusangalala mpira uli lendee m'dzanja limodzi. Don Beebe wa Buffalo Bills, amene ankamlondola osatopa, adaugwetsa, ndipo udatulukira m'dera la chigoli. Dallas idapambanabe ndi mapointi 52 kwa 17, koma manyazi a tsikulo adamtsata Lett zaka zambiri. Mu Januwale 2021 zinthu zidaŵaŵa koposa. Rashard Higgins wa Cleveland Browns adatambasula manja kuti mpira ufike pa mzere, mdani nkumugunda, mpira nkutuluka. Cleveland idagonja kwa Kansas City Chiefs ndi mapointi 22 kwa 17, kusiyana kochepera pa chigoli chimodzi.

Otsutsa lamuloli amati chilango chikuposa mlandu. Nanga adani alandirenji mpira umene sadautole okha? Nanga kusiyana kwa phazi limodzi kusinthirenji mwini mpira? Mafunso ameneŵa si achibwana, koma ali ndi mayankho.

Choyamba, dera la chigoli ndi khomo la oteteza. Amene wabwera ndi katundu pakhomo la mwini namtaya pomwepo, sangadandaule mwini khomo akamtola. Chachiŵiri, pakadapanda chilango, aliyense akadamaponya manja kutsogolo mosasamala, podziŵa kuti palibe chimene angaluze. Mbiri idaonetsa kale zimene zimachitika mpira wotayika ukamapindulitsa woutaya. Mu Seputembala 1978, oseŵera a Oakland Raiders, nthaŵi itawathera, adaugubuduza mpira kutsogolo mpaka Dave Casper adaugwira m'dera la chigoli, nagonjetsa San Diego Chargers ndi mapointi 21 kwa 20. Chaka chotsatira akuluakulu a maseŵeraŵa adakhwimitsa malamulo kuti chinyengo chotere chisachitikenso. Chachitatu, lamuloli limalemekeza munthu wonga Beebe, amene sataya mtima ngakhale mnzake atamsiya kutali. Akulu adati kuthamanga si kufika.

Apa mpamene nkhaniyi ikukhudzira Tsangano. Mtsikana wochokera ku chitsime amasamala m'njira monse, koma akaona khomo amamasuka khosi, ndipo mtsuko umaswekera pomwepo. Chimodzimodzinso mlimi. Mbatatesi yotemedwa ndi khasu ikasakanizidwa ndi yabwino, imaoletsa thumba lonse. Yosiyidwa padzuŵa masiku angapo imabiriŵira, ndipo wogula wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe amaikana. Mlimi wotopa, amene akufuna ndalama ya lero lomwe, amavomera thumba losokerera pamwamba pa mtengo wa thumba wamba, phindu nkupita kwa wogula amene sadagwireko khasu. Msika, monga lamulo la ku America lija, sufunsa kutalika kwa mtunda umene munthu wayenda.

Kotero alimi ayenera kuŵerengera masiku a pakati pa kukumba ndi kugulitsa monga gawo la ulimi weniweni: kusankha mbatatesi asanalonge, kuisunga pa mthunzi ndi pouma, kugwirizana mtengo ndi anzao a m'mudzi, ndiponso kuumirira kuti katundu ayezedwe pa sikelo. Woseŵera wanzeru akatsala yadi imodzi amakumbatira mpira ndi manja aŵiri. Mlimi wanzeru nayenso samasula thumba ndalama isanaloŵe m'manja.