Ain Jalut: Gawo Limene Alaliki Athu Amalidumpha

Masiku khumi omaliza a Ramadhan akafika, nkhani ya Ain Jalut imamveka m'mizikiti ndi m'magulu a WhatsApp. Amatiuza kuti Sultan Qutuz wa ku Egypt, ali ndi asilikali ochepa chabe, anagonjetsa chinamtindi cha a Mongol pa 25 Ramadhan 658 Hijri, lomwe ndi 3 September 1260. Timakuwa Allahu Akbar, kenako n'kubalalika kukagona podikira daku. Ine ndikuti kafotokozedwe kameneka kamatigoneka tulo, chifukwa kamabisa gawo limene likutiloza chala ifeyo.

Tiyambe ndi chiwerengerocho. Hulagu, amene anasakaza Baghdad mu 1258 ndi kupha Khalifa, anali atabwerera kum'mawa ndi gulu lalikulu la asilikali ake atamva za imfa ya mkulu wake Mongke. Ku Syria anasiyako Kitbuqa ndi gulu locheperapo, moti magulu awiri amene anakumana ku Ain Jalut sanasiyane kwambiri kukula. Qutuz anauona mpatawo, ndipo m'malo modikira adani pa chipata cha Cairo, anawatsatira ku Palestine. Izi sizimuchotsera ulemu. Aleppo ndi Damascus zinali zitagwa chaka chomwecho, ndipo ma amir ena ankachita mantha kutuluka. Iye anatsogola, ndipo pamene mbali ina ya gulu lake inayamba kugwedezeka, anaponya chisoti chake pansi n'kulowa yekha pakati pa nkhondo.

Koma gawo lodumphidwa lija linachitika ku Cairo nkhondo isanayambe. Akuluakulu anafuna kukhometsa anthu wamba msonkho wa nkhondo. Sheikh Izz al-Din ibn Abd al-Salam anawayankha pamaso kuti zimenezo n'zololedwa pokhapokha mosungira chuma cha boma mutatheratu, ndipo ma amir atagulitsa malamba awo a golide ndi zokongoletsa zina, aliyense n'kutsala ndi hatchi ndi zida zake basi. Apo m'pamene dzanja lingafike m'thumba la mlimi ndi mmisiri.

Tsopano tiyang'ane kwathu kuno. Denga la mzikiti likudontha, mualimu wa madrasa watha miyezi osalandira kanthu. Pambuyo pa taraweeh mbale imazungulira, ndipo mayi wogulitsa mandazi amamasula mfundo ya chitenje chake. Nanga amene aimirira kutsogolo akulimbikitsa sadaka aja, iwo aponyamo chiyani? Ndipo lipoti la ndalama za chaka chatha analiwerenga liti pagulu? Kutchula dzina la Qutuz n'kosavuta. Chovuta ndi kuvula lamba wa golide anthu akuona.

Ndikudziwa ena anena kuti kufunsa zoterezi m'mwezi wopatulika n'kudzetsa fitina. Kodi Sheikh Izz al-Din anadzetsa fitina? Adani anali pafupi, komabe sanati tikhale chete kaye mpaka nkhondo ithe. Anadziwa kuti anthu amene akuona kuti akudyeredwa masuku pamutu sangaime mzere umodzi ndi owadyerawo. Fitina yeniyeni inadza pambuyo pake: Qutuz sanafike n'komwe ku Cairo, anaphedwa panjira ndi ma amir anzake, Baybars ali m'gululo, patangopita milungu yochepa chipambanireni. Kulimbirana mpando kunapha munthu amene a Mongol analephera kumupha.

Inu ophunzira, mukadzamvanso nkhaniyi usiku wa 25, funsani mwaulemu kuti gawo la msonkho lija lili kuti. Inu a komiti, chaka chino yambani ndinu kupereka, muwerenge lipoti poyera, kenako mbale izungulire. Allah atilandire kusala kwathu, ndipo atipatse atsogoleri amene amayamba okha kusenza zimene akupempha kwa ena. Ameen.